Fomu ya Mulamu Wanga

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Juni, ndili kuseri kwa nyumba ndikutsuka maburashi. Sikunali kugogoda kwaukali ayi. Mkazi wanga anayesa ndi anthu ofuna chikwangwani, mpaka anawatulutsira mipando. Anali apolisi awiri ndi bambo wina wa jekete lachikopa, amene sananene kuti iye ndani, ndipo palibe anamufunsa.

"Ndimwe ba penta?" anafunsa wapolisi wamkuluyo.

"Ndine."

"Tiyeni ku ofesi tikambeko chabe pang'ono. Muzabwela manje manje."

Ndinavala jekete langa la ntchito, lija la madontho a penti. M'thumba lam'kati munali pepala lopinda kanayi, limene ndinali nditayenda nalo miyezi itatu osalikumbuka. Nkhani yonseyi ndi ya pepala limenelo, choncho ndiyambe ndafotokoza mmene linaloweramo.

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Mukayenda m'Kafue muno n'kuona dzina la shopu kapena la tchalitchi lolembedwa zilembo zoima bwino, zosapendekera, mwina ndi dzanja langa. Ndimanyadira zimenezi kuposa muyeso, ndipo mkazi wanga amati ndikamayang'ana chipupa chimene ndalemba ndimaoneka ngati munthu amene waona mwana wake akulandira mphoto. Malamulo a khonsolo a zikwangwani ndinkawadziwa pamtima. Chikwangwani chogulitsa nyumba kapena puloti, ngati chayang'ana kumsewu, chimafuna chilolezo: mwini nyumba asaine fomu, fomuyo ikadindidwe. Mapositala a kampeni ali ndi malo ake. Samatidwa pa zikwangwani za pamsewu, samatidwa pachipupa cha munthu mwiniwake asanavomere, ndipo mavoti akatha eni ake ayenera kuwachotsa. Malamulo amenewa ndinkawalalikira kwa aliyense, ngakhale amene sanandifunse.

Mulamu wanga ndi mkazi wa malemu mkulu wanga. Mkulu wangayo anagwira ntchito ku fakitale ya feteleza moyo wake wonse, ndipo anamusiyira nyumba ku Nangongwe, m'mbali mwa msewu, yokhala ndi mpanda wa njerwa wautali bwino. Ana anakula n'kubalalika. Kwawo ku Katete kunali amayi ake, okalamba kwambiri, maso atasiya kuona, akusamalidwa ndi anansi. Mulamu anaganiza zogulitsa nyumba kuti apite akakhale ndi amayi akewo masiku amene anawatsalira. Sankafuna china chilichonse. Ankati akufuna kukawasambitsa yekha ndi manja ake.

M'mwezi wa Malichi ndinamulembera pachipupa kuti nyumbayi ikugulitsidwa, m'Chingerezi pamwamba, m'Chinyanja pansi, nambala ya foni pambali. Zilembo zakuda pa laimu woyera, ndipo zinali zokongola, ndisaname. Fomu ya khonsolo ndinabwera nayo ndekha. Anaisaina pang'onopang'ono ataitsamiritsa pa Baibulo, n'kundipatsa.

"Ba mulamu, mukapeleke mailo, ka? Sinifuna milandu ine."

"Mailo kuseni," ndinatero.

Mawa lake ndinafikadi pakhomo la ofesi, ndinaona anthu ali pamzere, ndinati ndibwera masana. Masana kunabwera ntchito ina. Sabata itatha anandifunsa, ndinayankha kuti zonse zili bwino. Bodza limenelo linatuluka mosavuta, moti ine ndemwe ndinayamba kulikhulupirira.

Wogula anapezeka mu Juni: mayi wina wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya, amene ankafuna nyumba ya pamsewu. Anagwirizana kuti adzabwera Loweruka ndi achibale ake kudzamaliza nkhani. Mulamu anali atayamba kale kumanga ziwiya m'masaka.

Nthawi yomweyo n'kuti wadi yathu ili pa kampeni yosankha khansala. Lamlungu tikuchokera kutchalitchi tinapeza chipupa chonse chamatidwa mapositala a chipani china, nkhope imodzimodzi kuyambira pageti mpaka pakona. Zilembo zanga zonse zinali pansi pa nkhopeyo. Magazi anandiwira.

"Visiyeni," anatero mulamu. "Ogula apezeka kudala. Mavoti yakasila bazachosa beka."

"Lamulo ikana! Banakupemphani?"

"Sibananipemphe. Koma visiyeni, ba mulamu. Napapata."

Anandipempha kawiri. Ndikulemba zimenezi kuti zidziwike, chifukwa pepala limene ndinasaina pambuyo pake likunena zina. Lolemba m'mawa, iye atapita kumsika, ndinabwera ndi ndowa ya madzi ndi mpeni wopalira penti. Ndinapala mapositala onse dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ine n'kumawauza ndime ya lamulo. Sindinachite zimenezo chifukwa cha ndale. Zipani zonse ziwiri ndinazilemberapo nsalu za misonkhano. Sindinachitenso chifukwa cha mulamu. Chimene chinandipweteka n'chakuti anaphimba zilembo zanga.

Ndiye Lachiwiri lija anabwera kudzanditenga.

Kupolisi anandivula lamba ndi zingwe za nsapato, natulutsa zonse za m'matumba: foni, pensulo ya kalipentala, tepi yopimira, ndi pepala lija. Wolemba anazilemba m'buku. Pepalalo sanalitambasule, anangoti "pepala imodzi." Anatsegula chitseko cha selo n'kunena kuti, "Ngenani, mudala. Hotela ilibe mabulangeti."

Munali anthu khumi ndi mmodzi m'chipinda choyenera anthu anayi. Kapitawo wa m'selo, munthu amene anakhalamo nthawi yaitali kuposa onse, anandifunsa mlandu wanga. Nditamuuza, onse anaseka. Wina anati iye anaba mbuzi, mnzake anamenya munthu kumowa, koma wamkulu uyu wamangidwa chifukwa chosambitsa chipupa. Anandipatsa malo pafupi ndi ndowa yodzithandiziramo, poti ndiwo malo a mlendo. Juni wa ku Kafue mumamudziwa, mphepo yake yochokera kumtsinje. Simenti ija inali kulowa m'mafupa. Komabe tsiku loyambalo mtima wanga unali m'malo. Ndinkadziwa kuti lamulo lili kumbali yanga, ndipo ndinkayeseza mumtima mmene ndikawaphunzitsire.

Lachitatu cha m'ma naini koloko ananditengera m'kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi. Wapolisi wofunsa anali munthu wofatsa, wooneka wotopa. Bambo wa jekete lachikopa uja anaima pawindo. Ndinayamba ulaliki wanga: chipupa ndi cha mwini, mwini sanavomere, mapositala anaphimba chikwangwani chololedwa.

"Chololedwa?" anatero wapolisiyo. "Pemiti ili kuti?"

Ndinati ili kunyumba. Anatuma munthu kukatenga envulopu ya katundu wanga. Anatulutsa pepala lija, nalitambasula bwinobwino patebulo, nalisalaza ndi dzanja. Siginecha ya mulamu inali pamenepo, tsiku la mu Malichi lili pambali. Malo a chidindo anali mbee.

"Mudala, imwe muziba malamulo maningi. Iyi pepala inafika ku khonsolo?"

Ndinapukusa mutu.

"So chikwangwani chanu ndiye chilibe lamulo. Manje tiuzeni zoona. Nindani anakutumani?"

Ndinati palibe. Anafunsanso, ndinayankha chimodzimodzi. Kenaka foni ya wapolisiyo inalira, ndipo anatuluka kukaiyankha panja. Anachedwako. Zimene zinachitika iye kulibe sindizilemba zonse. Wa jekete uja sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Ankatchula maina a anthu a chipani chinacho mmodzimmodzi, ndipo pa dzina lililonse ankafunsa kuti, "Ni uyu?" Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Wapolisi atabwerera anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki, osandiyang'ana kumaso.

"Tipaseni chabe zina imozi, muyende ku nyumba," anatero.

Apa ndi pamene ndiyenera kulemba mosamala, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti ndinalankhula chifukwa cha ululu. Ululu unalipo. Koma dzina la mulamu silinathawe pakamwa panga mwangozi. Ndinaganiza, ndinasankha. Ndinati mumtima: ndikatchula munthu wandale, amupha. Ndikatchula mulamu, ndani angamange mayi wamasiye wa chitenje cha mpingo? Komanso iye ndiye mwini chipupa, lamulo limupatsa mphamvu yokana mapositala. Amufunsa mafunso awiri n'kumubweza. Ndinadzipangira mlandu wabwino kwambiri m'mutu mwanga, ndime ndi ndime, monga mwa chizolowezi changa.

"Ni bene ba nyumba," ndinatero. "Ndiye bananituma. Na va pemiti ni nkhani yao. Ine ndine penta chabe."

Anazilemba, anandiwerengera, ndinasaina. Siginecha yanga ndi yokongola, ndipo ngakhale tsiku limenelo inatuluka yoongoka.

Apolisi anabwera naye mulamu tsiku lomwelo cha m'ma fili koloko. Anali atavala juzi ya malemu mkulu wanga, m'manja muli kachikwama ka mankhwala ake a BP. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana khutu langa, kenaka maso ake anagwera patebulo. Fomu ija inali ikadali pomwepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona milomo yake ikuwerenga tsiku la mu Malichi lija.

Wapolisi anamuwerengera mawu anga onse, osadumpha ngakhale amodzi. Ine maso anali pa nsapato zanga zopanda zingwe.

"Amai, ni zoona? Ndimwe munabatuma?"

Akanangonena zoona, palibe akanamutsutsa. Anansi anamumva Lamlungu lija akundiletsa.

"Ndine," anatero mulamu. "Chipupa ni changa. Aba ni banchito chabe. Balekeni bayende, bali na bana ku nyumba."

Sanandiyang'anenso. Wapolisi wamkazi anamulanda kachikwama kaja n'kupita naye ku selo ya azimayi.

Lachinayi m'mawa, potulutsa ndowa, tinakumana ndi mulamu pabwalo la kuseri. Ine ndinanyamula ya amuna, iye ya akazi, poti nayenso anali mlendo. Mapazi ake anali atatupa.

"Mwauka bwanji, ba mulamu?" anatero iye. "Kutu ili bwanji?"

Mlonda anakuwa kuti, "Palibe nkhani apo!" ndipo tinasiyana. Pa zonse zimene ndinamva m'masiku amenewo, mawu a wa jekete ndi mawu a alonda, palibe chimene chimandibwerera kawirikawiri ngati funso limenelo. Akanandilalatira ndikanapeza pogwira.

Nditabwerera m'selo, kapitawo uja anandifunsa kuti mayiyo ndani. Ndinati ndi mulamu wanga. Anafunsa kuti walakwa chiyani. Ndinatembenukira kukhoma, koma m'selo nkhani zimafika msanga kuposa nshima. Pofika masana onse anali atadziwa. Palibe anandimenya kapena kunditukwana. Mkazi wanga atabweretsa chakudya ndinachiika pakati monga mwa mwambo wa m'menemo, kuti tidye tonse. Wakuba mbuzi uja anachikankhira kwa ine ndi phazi.

"Dyani mweka, mudala," anatero.

Lachisanu m'mawa anandiitana. Anati sindinenso woimbidwa mlandu, tsopano ndine mboni ya boma. Anandibwezera lamba, zingwe, foni, pensulo, tepi. Fomu anali ataijambula kopi, ndiye anandibwezeranso, yopindidwa m'mizere yake yomwe ija. Wolemba anati, "Sainani apa kuti vonse vakwana." Zonse zinali zitakwanadi. Ndinatuluka pageti dzuwa likuwala, maminibasi akuitanira anthu a ku Lusaka, azimayi akugulitsa mbatata zootcha. Ndinakhala m'selo masiku atatu okha.

Mulamu anatuluka Lolemba. Mayi wa ku Chanyanya anabwera Loweruka monga anapangana, napeza nyumba yokhoma, chipupa chitapakidwa oilo wakuda wa galimoto, anansi akunong'ona kuti nyumbayi ili ndi mlandu wa ndale. Anabwerera osakhala n'komwe pansi, ndipo foni yake sinayankhidwenso. Koma chimene chinamanga mulamu sichinali kuthawa kwa wogula. Anamutulutsa pa bondi ya polisi, ndipo bondiyo inati azikasaina Lolemba lililonse m'mawa, asatuluke m'boma la Kafue popanda chilolezo mpaka mlandu utatha.

Mavoti anachitika, wopambana anapambana. Mapositala m'tauni monse anasuluka ndi dzuwa, ena anang'ambika okha, palibe anabwera kudzawachotsa ndipo palibe anamangidwa. Mlandu wa mulamu wokha ndiwo unatsala wamoyo. Kukhoti tinkapita, odandaula, eni mapositala aja, osabwera, woweruza n'kutipatsa tsiku lina. Julayi anatha, Ogasiti anatha. Lolemba lililonse ankayenda wapansi kuchoka ku Nangongwe kukasaina, masaka a ziwiya ali chimangire pabalaza. Madzulo ankaimbira foni mnansi wa ku Katete kuti aiike pakhutu la amayi ake. Tsiku lina ndinalipo. Ndinamva mawu a gogoyo, ang'onoang'ono, akufunsa kuti, "Ubwera liti?" Mulamu anati, "Posachedwa, amama. Pali tumapepala chabe."

Mudzafunsa kuti bwanji sindinapite kukasintha mawu anga. Ndinapita kawiri. Ulendo woyamba ndinafika pageti la polisi, ndinaona galimoto yofanana ndi ya wa jekete uja, ndinapitirira ngati ndikupita kumsika. Ulendo wachiwiri ndinalowa, ndinafunsa, wapolisi wina anandiuza kuti mboni yosintha mawu imalowa m'selo chifukwa chonamiza boma. Ndinati ndikaganize kaye. Ndinachita mantha, basi. M'malo mwake ndinkamutumizira makala, ndinamukonzera geti, ndinapala oilo uja pachipupa n'kubwezeretsa zilembo. Ankalandira zonse n'kuthokoza mwaulemu, ndipo za fomu sanazitchule ngakhale tsiku limodzi.

Amayi ake anamwalira Loweruka lina mu Okutobala, kukutentha koopsa. Uthenga unafika masana. Tinathamangira kupolisi kukapempha chilolezo cha ulendo, anati amene amapereka chilolezocho abwera Lolemba. Mkazi wanga anati angopita, ndani amuone. Mulamu anakana. Anati anthu awiri a kumpingo anamusainira bondi, akathawa amangidwa ndi iwowo, ndipo iye sangaike munthu wina m'selo chifukwa cha iye. Ananena zimenezi akupinda zovala, osayang'ana aliyense, ndipo sindikhulupirira kuti ankandilasa ine. Koma ndinatuluka panja.

Lolemba anasaina, anapatsidwa masiku asanu, anakwera basi masana. Kumudzi sakanatha kusunga thupi ndi kutentha kuja. Anaika maliro Lolemba lomwelo, iye ali m'njira. Anafika Lachiwiri n'kupeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota.

Mlandu unathetsedwa mu Disembala, mvula itayamba. Odandaula sanabwere ngakhale kamodzi. Woweruza analankhula mawu ochepa, n'kuitana mlandu wotsatira.

Mawa lake ndinavala jekete lija n'kupita kukhonsolo. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Mwina ndinkafuna kuti andivutitse, andibweze kasanu, kuti ndipeze ponamizira. Pamzere panali anthu anayi. Mayi wa pawindo anawerenga fomu, anaseka pang'ono poona tsiku la mu Malichi, anandionetsa polipirira, nditabwerako anadinda.

"Yasila?" ndinafunsa.

"Yasila. Munali kufuna vinangu?"

Sindinakhalemo ngakhale ola limodzi.

Ndinapita nayo ku Nangongwe. Ndinamupeza mulamu akumasula masaka aja, akubwezera mbale m'kabati. Ndinagwada pakhomo, munthu wa imvi ine, ndinamuuza zonse ndi pakamwa panga: kuti fomu sindinapereke, kuti anandiletsa koma sindinamve, kuti dzina lake ndinalisankha ndekha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ninaziba pamene ninaona pepala pa tebulo," anatero. "Nyamukani, ba mulamu, muzadetsa tilauzi."

Ndinamupatsa fomu yodindayo. Anaiyang'ana monga anaiyang'anira tsiku lija, kenaka anandibwezera.

"Sungani. Muli na laimu ku nyumba?"

"Ilipo."

"Mubwele mufute vija pa chipupa. Sinigulisa. Niyenda kuli bandani manje?"

Anthu amandifunsa kuti m'selo munali bwanji, ndipo ndimawauza za kuzizira ndi ndowa, poti ndi zimene amafuna kumva. Amati ndinazunzidwa popanda chifukwa, ndipo n'zoona, lamulo la mapositala linali kumbali yanga. Koma ufulu umene ndinatuluka nawo Lachisanu lija sunali wanga. Unali wa mayi amene anautenga m'manja mwake n'kundipatsa, iye n'kutsala akusaina Lolemba lililonse mpaka amayi ake anaikidwa m'manda. Ndimayenda kulikonse kumene ndifuna, ndimagona pa bedi langa, ndipo palibe tsiku limene ndimaiwala kuti ndikuyendera miyendo ya wina.

Chipupa ndinachifuta Loweruka lotsatira. Ndinapaka laimu katatu. Penti imene ndinalembera inali yabwino kwambiri, ndinaisankha ndekha kuti ikhalitse, choncho mvula ikagwa zilembo zimaonekeranso pansi pa laimuyo. Anthu odutsa amaimba nambala ija kufunsa mtengo wa nyumba, ndipo mulamu amawayankha mwaulemu kuti siikugulitsidwa. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimapita ndi ndowa yanga kukapakanso. Iye amanditulutsira mpando ndi tiyi, n'kukhala kumbali ya khutu langa lakumanja kuti ndizimumva.